Mizere iwiri ya 1 Gbps, koma fayilo ikuyenda pa 1 Gbps yokha

Pa sikirini: marauta awiri olumikizidwa ndi mawaya awiri.

Taonani marauta awa. Pakati pawo pali mizere iwiri, uliwonse wa 1 Gbps, ndipo OSPF, ndondomeko yomwe marauta amapezera njira, yaipatsa mtengo wofanana (mtengo ndi nambala yoyerekezera njira). Zikatere rauta imaika njira zonse ziwiri m'tebulo lake, ndipo zimenezi ndi zomwe timati ECMP, kutanthauza njira zingapo za mtengo wofanana. Pa Cisco IOS, pulogalamu yoyendetsa marauta a Cisco, OSPF imalola njira zinayi ngati simunakhudze lamulo la maximum-paths, pomwe BGP, ndondomeko ina yopezera njira, imangotenga imodzi mpaka mutaiuza nokha.

Tsono mukukopera fayilo yaikulu, mukuyembekezera 2 Gbps, koma liwiro lakakamira pa 1 Gbps. Palibe chawonongeka. Rauta sigawa paketi iyi uku, inayo uko. Imagawa ma flow, ndipo flow ndi mapaketi onse a kulumikizana kumodzi.

Pa sikirini: mutu wa paketi.

Rauta imatenga IP yochokera ndi IP yopitako, ndipo pa makina ambiri imawonjezera protocol ndi ma port awiri. Izi imazisakaniza mwamasamu n'kupeza nambala yotchedwa hash, nambalayo ndi imene imasankha mzere. Mapaketi onse a kulumikizana kumodzi kwa TCP amatulutsa hash imodzi, choncho amayenda mzere umodzi.

Opanga marauta anachita dala. Mizere iwiri sichedwa mofanana ndendende, ndiye mukagawa paketi ndi paketi, ena amafika atapitirira anzawo. Wolandira akaona kuti paketi yadumphidwa amabwereza ACK, uthenga wotsimikiza zomwe walandira, wotumiza akalandira zobwereza zitatu amayesa kuti paketi yasowa, amaitumizanso n'kuchepetsa liwiro. Mwawonjezera mzere, koma ntchito ikuyenda pang'onopang'ono kuposa kale.

Hash siiona kulemera kwa flow. Backup ziwiri zazikulu zikagwera mzere umodzi, mzerewo umadzaza pomwe winawo ukungokhala. Vutoli limakula mu tunnel ya GRE kapena IPsec, momwe paketi imakulungidwa m'paketi ina, chifukwa rauta ya pakati imangoona ma IP awiri akunja, anthu onse a mu ofesi amaoneka ngati flow imodzi. VXLAN, mtundu wina wa tunnel, inapewa zimenezi posinthasintha port yochokera ya UDP, yopitako n'kukhalabe 4789. Pa Linux, net.ipv4.fib_multipath_hash_policy imayamba pa 0, kutanthauza kuti ma port sawerengedwa. Ikani 1 kuti awerengedwe.

Pa sikirini: marauta atatu, imodzi pamwamba, awiri pansi.

Apa mvetserani bwino. Rauta yapamwamba yatumiza kumanzere ma flow onse a hash inayake. Ya kumanzereyo ikamagwiritsa masamu omwewo, yankho limabwera lomwelo, ma flow onse n'kudutsa mzere wake umodzi, wachiwiri osagwira ntchito. Izi ndi polarization. Mankhwala ake ndi kuti rauta iliyonse ikhale ndi seed yakeyake, nambala yomwe imawonjezera m'masamu a hash. CEF, njira yomwe marauta a Cisco amatumizira mapaketi, imachita zimenezi ndi universal algorithm.

Msampha wina uli pa mtengo weniweniwo. OSPF ya Cisco IOS imapeza mtengo pogawa liwiro loyerekezera lotchedwa reference bandwidth, lomwe ndi 100 Mbps, ndi liwiro la mzere, ndipo mtengowo sutsika kuposa 1, ndiye mzere wa 1 Gbps ndi wa 10 Gbps yonse imapatsidwa mtengo 1. Rauta imaiona yofanana n'kugawa ma flow pakati ndi pakati, waung'onowo n'kuyamba kutaya mapaketi. Kwezani auto-cost reference-bandwidth, ndipo nambala ikhale yomweyo pa marauta onse.

Kuti mudziwe mzere womwe flow ikudutsa, lembani show ip cef exact-route, kenako IP yochokera ndi yopitako. Yesani ma IP angapo, muone ngati akugawikadi.