Makalata a Omvera: Ndodo Inagunda Kawiri

Takulandiraninso, omvera athu, ku gawo la makalata. Sabata ino thumba lalemera, ndipo theka la zimene mwalemba zikunena za mipikisano ya pool. Ine ndinkayesa anthu amapita pa tebulo lija kukapumitsa mutu, koma zikuoneka kuti ambiri amabwerako mutu ukuwawa kuposa mmene anapitira.

Tiyambe ndi mnyamata amene wadzitcha kuti Wongoyamba Kumene. Akuti pa mpikisano wake woyamba anaona kuti mpira woyera ndi wochepa kuposa inzake, ndiye akukayikira kuti mnzake anausintha mobisa. Achimwene, palibe anakuberani. Pa matebulo oponya kobiri, a mipira 7 yofiira, 7 yachikasu ndi wakuda umodzi, woyerayo amamupanga dala wocheperako pang'ono kuti akagwa m'dzenje adutse njira yakeyake n'kutulukanso, inzake n'kutsekeredwa m'kati. Kapepeseni mnzanuyo ngati munamuyang'ana ndi diso loipa.

Mayi wina akudandaula za bambo amene amatsokomola kapena kuliza makiyi nthawi iliyonse mayiwa akawerama kuti amenye. Amayi, dzukani, ikani ndodo pansi, muwafunse mwaulemu ngati akufuna madzi akumwa, anthu onse akumva. Chifuwacho chidzapola tsiku lomwelo.

Tsopano pali kalata iyi. Ndaiwerenga kanayi. Mwini wake wasaina kuti Wosweka Mtima, ndipo akuti:

"Aulutsi, ndili ndi mnzanga amene ndasewera naye pool zaka 9. Ndodo yake yoyamba ndinamupatsa ndine. Tinapangana kalekale kuti aliyense wa ife akapambana pa mpikisano, mphoto tizigawana pakati, ndipo sitinaphwanyepo panganolo. Mwezi watha tinakumana awirife mu semifainolo. Gemu yomaliza, iye anatsala ndi wakuda, woyera atayandikana naye kwambiri. Atamenya ndinamva ndodo ikugunda woyera kawiri. Wakuda analowa. Ndinamuuza kuti ija ndi faulo. Anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti sanamve kanthu. Woyimbira panalibe. Anapita ku fainolo n'kutenga chikho. Mawa lake anabwera ndi theka langa la ndalama, ine ndinakana. Papita milungu isanu osalankhulana, ndipo anzathu agawikana pawiri. Chikundipweteka n'chakuti ndalama ndikanalandira zomwezo kaya apambane iye kaya ine. Nanga anandinamiziranji? Kodi ndalamazo ndilandire?"

Hmm. Bambo, ndiyambe ndi kukuuzani kuti ndakumvani. Amene sanagwirepo ndodo anganene kuti akuluakulu awiri akukanganiranji timipira. Sadziwa kuti masewera awa amaima pa mawu a munthu. Ku mpira wamiyendo kuli woyimbira, kuli oyimika mbendera, masiku ano kulinso makina oonetsa kanema. Pa tebulo la mpikisano waung'ono pamakhala anthu awiri basi, ndipo amene akudziwa bwino chimene ndodo yachita ndi amene waigwirayo. Malaya akakhudza mpira, chala chikasuntha wofiira pang'ono, nthawi zambiri mboni ndi mwini malayawo. N'chifukwa chake ngakhale akatswiri a snooker, masewera ofanana ndi pool a pa tebulo lalikulu, amene timawaonera pa kanema, woyimbira wa magolovesi oyera ali pambali pawo, amadzuka okha n'kunena kuti ndalakwa, pamene woyimbirayo sanaone kanthu. Anthu amawaombera m'manja. Mwambo umenewo ndi umene inu mumayembekezera kwa munthu amene munamupatsa ndodo.

Funso lanu loti anandinamiziranji ndaliganizira usiku wonse. Mwanena nokha kuti ndalama sizinali pa mzere. Ndiye chimene chinali pa mzere ndi dzina. Taonani, zaka 9 anthu akhala akunena kuti uyu anaphunzitsidwa ndi uje. Inu mwina munaiwala kuti ndinu mphunzitsi wake, iye sanaiwale ngakhale tsiku limodzi. Munthu wotere amakukondani ndithu, koma m'kati mwake amalakalaka tsiku limodzi lokha loti akugonjetseni anthu akuona. Tsikulo linafika, wakuda ali pakamwa pa dzenje. Ngati ananama, ananamira chimenecho. Sindikumuikira kumbuyo ayi, ndikungokuuzani kuti mpikisano woopsa kwambiri umakhala pakati pa anthu ophunzira pa tebulo limodzi. Mlendo akakugonjetsa umaiwala pofika Lachitatu. Mnzako akakugonjetsa umamuona tsiku lililonse.

Koma ndanena kuti "ngati ananama", ndipo apa mundikhululukire, ndikukalipirani pang'ono. Kugunda kawiri kumachitika chonchi: woyera akayandikana kwambiri ndi mpira umene ukufuna kumenya, amaugunda n'kuima kamphindi, ndodo ikadali pa ulendo wake, ndiye imamupezanso. Zonsezi zimatha mwamsanga kuposa kuphethira kwa diso. Odziwa sadalira khutu, amayang'ana woyera. Akathamangira kutsogolo pambuyo pa mnzake pa liwiro lofanana, pamenepo ndodo yamukankha kachiwiri. Akaima kapena kubwerera m'mbuyo, nthawi zambiri palibe mlandu. Inu m'kalata yanu mwandiuza zimene munamva, simunandiuze kumene woyera anapita. Ndiponso munthu amene mtima ukugunda, chikho chili pafupi, atha kugunda kawiri osazindikira. Zimachitika. Mwina mnzanuyo ananena zoona zake pamene anati sanamve kanthu.

Ndipo zaka 9 pa tebulo, bambo, mukudziwa chimene munayenera kuchita. Mipira ikayandikana choncho umaimitsa gemu asanamenye, n'kuitana munthu wachitatu wosakondera kuti adzaonerere. Pamene palibe amene anaitanidwa, m'mipikisano yambiri yopanda woyimbira mawu a womenyayo ndi amene amatengedwa. Simunaitane munthu chifukwa munachita manyazi, munaopa kuti aziti simumukhulupirira. Ndikumvetsa. Koma onani kumene manyaziwo akufikitsani. Kuitana mboni kukanamupweteka mphindi imodzi, pamene izi zatha milungu isanu ndipo sizinathe.

Ndiulule zanga, popeza ndayamba kuweruza anzanga. Kale ndinkasewerako, osati mwaukatswiri, ndodo yanga inkangodziwa kuopseza ntchentche. Tsiku lina ndikuwerama, mkono wa malaya unakhudza wachikasu. Unasuntha pang'ono kwambiri. Amene ndinkasewera naye anali atatembenuka, akupaka choko. Ndinakhala chete, ndinapambana. Palibe anadziwa, ndipo panalibe ngakhale chikho. Mpaka lero ndikakumana naye ndimamupatsa moni wautali kuposa woyenera. Ndiye ndikamva kuti mnzanu anadzuka m'mawa, n'kuyenda kubwera kwanu ndi theka la mphoto, ndimadzifunsa kuti ankabweretsa ndalama zokha kapena ankafunafuna poyambira kulankhula. Ife amuna kupepesa kumatilemera pakamwa, timakonda kukunyamula m'manja. Inu munabweza ndalama, ndipo mwina munabweza ndi mawu amene anali kumbuyo kwake.

Ndalamazo landirani. Ndi zanu malinga ndi pangano lanu, ndipo kuzikana n'kumuuza kuti zaka 9 zonse zafufutika ndi shoti imodzi. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene walemba kalata ku wailesi ndinu, ndiye dzukani ndinu. Mupite nokha, opanda gulu lija lagawikana, chifukwa ochemerera mkangano sasowa tulo ngati inu. Musakayambe ndi kuti unandinamiza. Mukamuuze kuti ine ndinamva kawiri, ndipo zinandiwawa chifukwa ndiwe. Kenako mutseke pakamwa, mumve. Akavomera, nkhani yatha. Akakana, muli ndi ufulu wosankha kumukhulupirira kapena kusewera naye mukuitana mboni, koma mudzakhala mutasankha mutamva mbali yake.

Chinthu chimodzi chokha ndiwonjezere, pa pangano logawana mphotolo. Osewera ambiri amachita, ndipo pa lokha si tchimo. Koma muzilinena poyera kwa okonza mpikisano. Anthu awiri ogawana thumba limodzi akakumana pa tebulo, ena onse ali ndi chifukwa chofunsa ngati gemuyo ikuseweredwa moona.

Zimenezi zikundifikitsa ku makalata atatu ofanana, amene sindiwerenga onse. Onse akunena za kugulitsa gemu. Wina akuti katswiri wa kwawo anaphonya wakuda woti ngakhale mwana akanamwetsa, madzulo ake n'kuoneka akuseka ndi amene anabetcha kuti aluza. Wina akuti pali osewera odzionetsa ngati ofooka kuti aikidwe m'gulu la ongoyamba, akafike kumeneko akasese onse. Abale anga, katswiri aliyense amaphonya, ndipo si kuphonya kulikonse kumene kuli ndi mtengo. Musamafulumire kupaka munthu matope. Koma nthendayi iliko, ndipo siisankha tebulo laling'ono kapena lalikulu. Mu 2013 Stephen Lee wa ku England, amene anafikapo pa nambala 5 pa dziko lonse pa snooker, analetsedwa kusewera zaka 12 chifukwa chokonzeratu zotsatira za masewera. Mu 2023 osewera 10 a ku China analangidwa pa mlandu wa mtundu womwewo, ndipo awiri mwa iwo, Liang Wenbo ndi Li Hang, anachotsedwa moyo wawo wonse. Amenewo ndi anthu okhala ndi makamera pamutu pawo. Nanga pa mpikisano wa anthu 16, pamene wosunga ndalama za obetcha ndi msuweni wa wosewera, mukuyembekezera chiyani? Wosewera asabetche pa gemu yake, ngakhale kubetchera kuti apambana. Tsiku limene adzaluze moona, palibe adzamukhulupirire. Ndipo wogulitsa gemu amaganiza kuti wabera obetcha okha, osadziwa kuti waberanso amene wamugonjetsayo, chifukwa mnzakeyo amapita kwawo akusangalala ndi chipambano chimene sanachipeze.

Pa gulu la 2023 lija panali mnyamata wina, Zhao Xintong. Iye sanagulitse gemu yake, koma anavomera kuti anakhudzidwa ndi zimene mnzake anachita ndiponso kuti ankabetcha. Anamuletsa miyezi 20. Anabwerera, nayambiranso pansi, ndipo mu 2025 anatenga chikho cha dziko lonse ku Sheffield. Ndikutchula izi chifukwa cha inu amene mwalemba kuti wolakwa kamodzi asadzagwirenso ndodo pa mpikisano wanu. Mupatseni chilango chodziwika poyambira ndi pothera, akachimaliza mulandireni.

Bambo wina wokwiya kwambiri, kalata yake ya masamba atatu, akuti anamubera chifukwa mnzake atachita faulo iye anapatsidwa shoti imodzi yaulere pamene kwawo amapereka mipata iwiri. Bambo, nonse munali olondola, ndipo vuto lake ndi limenelo. Pool ya mipira yofiira ndi yachikasu ili ndi malamulo angapo. Pa malamulo akale otchedwa World Rules, a bungwe la pool la dziko lonse la WEPF, faulo imapereka mipata iwiri. Pa malamulo a blackball, ovomerezedwa ndi bungwe lina la dziko lonse la WPA, imapereka shoti yaulere imodzi, kenako n'kupitiriza monga mwa masiku onse. Ndiye pali malamulo achitatu, amene amabadwa pakamwa pa munthu akaona kuti akuluza. Inu okonza mipikisano, ndakudandaulirani kangati pa wailesi pano? Lembani malamulo pa pepala, muwapachike pa khoma, muwawerenge mokweza mpira woyamba usanaphwanyidwe. Wakuda akalowa pophwanya zimatani, woyera akagwa amaikidwa pati, wakuda amatchulidwa dzenje kapena ayi. Theka la makalata amene ndili nawo pano sakanalembedwa.

Mtsikana wina akufunsa chifukwa chake mchimwene wa wokonza mpikisano amapumula ndime yoyamba nthawi zonse, n'kungodutsa osasewera. Achemwali, funsani kuti mayina azitoledwa m'chipewa anthu onse akuona, ndipo wotola akhale mwana wongodutsa. Mwayi wa mchimweneyo ukapitirira pamenepo, mumutume akatigulire matikiti a lotale.

Wina wangolemba mzere umodzi: "Mnzanga anabwereka ndodo yanga, anaibweza yopindika." Musaiimikenso motsamira khoma kapena kuisiya padzuwa, chifukwa mwina inapindikira kwanu komweko. Koma ndodo ya mpikisano sabwereketsa, munene kuti ndakuletsani ndine.

Nthawi yatithera, ondithandiza akundikodola pa galasi. Bambo Wosweka Mtima, mudzandilemberenso mukapita kwa mnzanu uja. Ndipo mudzandiuze kumene woyera anathamangira wakuda atalowa, chifukwa inenso nkhaniyi yandisowetsa tulo.