Kodi Mankhwala Angachotse Tizilombo Tosamva Mankhwala M'matumbo?

Moni nonse amene mukuonera. M'matumbo mwa aliyense wa ife muli mabakiteriya osawerengeka, ndipo ambiri mwa iwo amatithandiza: amagaya chakudya, komanso amadzaza malo kuti oipa asapeze pochulukira. Koma pakati pawo pamabisala ena, monga E. coli ndi Klebsiella, amene sakumvanso mankhwala. Munthu amayenda nawo, kulima, kupita kumsika, osamva kalikonse. Tsiku limene thupi lafooka, iwo amalowa m'magazi, m'chikhodzodzo kapena m'mapapo.

Izi si za kutali. Pachipatala cha Gulupu ku Blantyre, pofika chaka cha 2016, Klebsiella 9 mwa 10 aliwonse opezeka m'magazi a odwala sankamvanso mankhwala a mtundu wa ceftriaxone, jakisoni amene madokotala athu amadalira kwambiri.

Ndiye funso n'lakuti, bwanji osawaphera m'matumbo momwemo asanatuluke?

Madokotala a ku Groningen, m'dziko la Netherlands, anayesa zimenezo, ndipo anafalitsa zotsatira zake mu 1984. Njira yawo ndi ya odwala mwakayakaya, amene akupuma ndi makina. Amasakaniza mankhwala atatu opha tizilombo: colistin, tobramycin ndi amphotericin B. Ena amapaka m'kamwa ngati phala, ena amathira m'mimba kudzera m'paipi ya m'mphuno, kanayi pa tsiku. Nzeru yake ili apa: mankhwalawa sadutsa kwenikweni m'matumbo kupita m'magazi. Amagwira ntchito pomwepo, n'kusiya mabakiteriya ambiri abwino aja.

Mu 2009, kafukufuku wa odwala pafupifupi 6,000 ku Netherlands anaonetsa kuti imfa zinachepa. Tisathamange komabe. Kumeneko tizilombo tosamva mankhwala n'tochepa kale. Mu 2018 njirayi itayesedwa m'zipatala za mayiko ena a ku Ulaya kumene vutoli ndi lalikulupo, matenda a m'magazi obwera ndi tizilomboti sanachepe.

Kafukufuku amene ine ndimamukumbukira kwambiri ndi wa ku Geneva, wa mu 2013. Anthu okhala ndi tizilomboti m'matumbo anawamwetsa colistin ndi neomycin kwa masiku 10. Akumwa mankhwalawo, tizilombo tinachepa ndithu. Patangotha sabata imodzi atasiya, tinali titabwerera. Zili ngati kudula nsonga za udzu mizu ili m'nthaka: mvula ikangogwa, waphukanso.

Ndipo pali chinanso chimene chimandidetsa nkhawa. Colistin ndi mmodzi mwa mankhwala otsiriza, amene dokotala amatulutsa ena onse akakanika. Mu 2015, ku China kunapezeka jini (kachidutswa ka chibadwa cha chamoyo) yotchedwa mcr-1, imene mabakiteriya amapatsirana n'kusiya kumva ngakhale colistin yemweyo. Tikamuthira m'matumbo mwa anthu ambiri, tikupereka mpata woti olimba okhawo ndiwo atsale. N'chimodzimodzi ndi makapisozi ogula pagolosale munthu akangomva m'mimba kupotokola. Amapha mabakiteriya abwino, osamva aja n'kupeza bwalo lonse lili lawo.

N'chifukwa chake mu 2019 bungwe la akatswiri a matenda opatsirana ku Ulaya, ESCMID, linalangiza kuti madokotala asamapereke mankhwalawa mwachizolowezi kwa munthu aliyense wopezeka ndi tizilombo totere m'matumbo.