Merge Yanu Sinasowe, Ndi Revert Ija

Eya achimwene, uthenga wanu ndaumva. Mukuti Git, pulogalamu yosunga mbiri ya code ija, yapenga, mwachitanso merge (kuphatikiza) branch (nthambi ya code) ya malipiro ija koma ikungoyankha kuti "Already up to date", kutanthauza kuti palibe chatsopano cholowetsa, pomwe code yake mu main, branch yaikulu, mulibe. Iyayi, sinapenge. Taimani, ndiyambire kumbuyo.

Paja munachita merge koyamba zinthu n'kusokonekera, ndiye munapanga git revert -m 1 kuti mubweze merge ija, eti? Revert imeneyo inachotsa code, koma mbiri sinaifafanize. Mbiri ilipobe. Ma commit onse (zosintha zosungidwa) a branch ija Git imawaonabe kuti analowa kale mu main. Ndiye ikamachita merge imayamba yafufuza pamene mbali ziwirizi zinakumana komaliza, merge base, n'kutenga zokhazo zabwera pambuyo pake. Zakale zija siziwerenganso. Mwamva? Siziwerenganso. Ngakhale mutawonjezera commit yokonza vuto, ilowa yokhayo, zotsalazo ayi.

Mnzathu uja akuumirira kuti ndi bug (cholakwika cha pulogalamu), muuzeni kuti Linus Torvalds mwini wake, amene anayambitsa Git mu 2005, anafotokoza zomwezi mu 2008. Anaipanga dala kuti izichita choncho.

Ndiye chochita... khalani pa main, lembani git log --oneline, mupeze commit imene uthenga wake ukuyamba ndi "Revert". Tengani hash yake, manambala ndi zilembo zoizindikiritsa zija, mupange git revert pa iyoyo. Inde, revert ya revert. Apa ndi pamene panatidyera tsiku lonse pa projekiti ina, choncho ndibwereze. Hash ya revert, osati ya merge. Zimakhala zogundizana pa log, maso amanama. Ndipo ulendo uno -m musaikepo. -m 1 ija inkafunika chifukwa merge commit ili ndi makolo awiri (ma commit awiri amene inachokera), 1 kutanthauza mbali imene munali, main. Revert kholo lake ndi limodzi basi.

   

Mukapanga revert ya revert ija, code yakale yabwerera, tsopano ngati mwawonjezera zokonza pa branch ija, chitani merge kuti zilowe. Pakatuluka conflict (zosintha zikawombana) musathamangire push (kutumiza code ku server), nditumizireni kaye screenshot ya git status.