Mafilimu Amene Timawakonda ndi Mkono wa Mwana Uja

Zikomo a Gulupu, mafumu nonse, aphunzitsi aakulu, amayi ndi abambo. Ndikudziwa kuti ambiri mwasiya makasu m'minda kuti mufike pano, choncho ndiyamba ndi chimene chatisonkhanitsa. Nonse mwamva za mwana wa Sitandade 4 amene anagwa mumtengo wa mango kuseri kwa bwalo la mpira Lachiwiri lapitali, ndipo ena mwa inu munathandiza kumukweza pa njinga kupita naye kuchipatala. Lero ali kunyumba ndi chikhakha kuyambira pachigongono mpaka m'zala. Nditapita kukamuzonda ndinamufunsa chimene ankafuna pamwamba paja, popeza mango sanayambe n'komwe kupsa, ndipo anandiyankha mosabisa kuti ankafuna kudumpha kuchoka panthambi ina kukagwira ina, monga anachitira munthu wa mufilimu imene anaonera Loweruka ku vidiyo kumsika. Anzake anayi anali pansi akumuwombera m'manja. Mawu anga aakulu lero ndi amodzi, ndipo ndiwabwereza mpaka mutope nane: musamusiye mwana kuonera yekha filimu imene inu simukuidziwa.

Sindinabwere kudzanena kuti mafilimu ndi oipa, chifukwa ndikatero ndikhala ndikunama pamaso pa mafumu. Ine mafilimu ndimawakonda kuyambira ndili mnyamata. Achinyamata mwina simudziwa kuti dziko lino linalibe wailesi yakanema yakeyake mpaka chaka cha 1999, ndipo ife a kale tinkadikira galimoto ya boma imene inkabwera kamodzikamodzi, n'kumanga nsalu yoyera pabwalo, mudzi wonse n'kukhala pansi pafumbi mpaka usiku. Tikaona galimoto ikubwera molunjika pansalupo, ana a kutsogolo ankadzuka n'kuthawa. Mukuseka, koma kuthawa kumeneko ndi kudumpha kwa mwana uja ndi chinthu chimodzi, pakuti maso a mwana amakhulupirira zimene aona.

Mukandifunsa filimu imene ndimaikonda kuposa zonse, ndikuuzani kuti ndi Neria, ya ku Zimbabwe, imene inatuluka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Mulibe nkhonya zouluka kapena mfuti. Ndi nkhani ya mayi amene anamanga banja ndi mwamuna wake mumzinda, onse awiri akugwira ntchito, kenako mwamunayo anamwalira ndipo mchimwene wake anabwera kudzasesa katundu yense ponena kuti ndi chuma cha kwawo. Malemu Oliver Mtukudzi anasewera ngati mlongo wa mayiyo ndipo ndi amene anaimba nyimbo yomutonthoza ija, imene mpaka lero ikalira pawailesi amayi ena amasiya kusinja. Tsiku limene ndinaionera koyamba ndinali mphunzitsi wachinyamata, ndipo ndinatuluka m'chipindamo maso ali ofiira, osati chifukwa cha Neria, koma chifukwa cha azakhali anga. Amuna awo atamwalira, achibale a malemuwo anabwera maliro asanazizire n'komwe, n'kutenga njinga, makina osokera ndi mbale zomwe, mpaka anazula malata padenga. Ndinali ndi zaka 11 ndipo ndinaimirira pakhonde ndikuona mpando umene ndinkakhalira ukukwezedwa pangolo. Palibe anandifotokozera kanthu pa nthawiyo. Filimu ija ndiyo inandifotokozera patapita zaka zambiri, ndipo inandionetsanso chimene azakhali sanachidziwe, kuti mayi wamasiye angathe kupita kukhoti n'kubwezeredwa zake. Kuno lamulo la chuma cha masiye la 2011 linanena poyera kuti kulanda katundu wa amasiye ndi mlandu.

Mwaona tsono chimene chimachitika. Munthu sakonda filimu chifukwa choti ndi yodula kapena yachokera kutali, amaikonda chifukwa wadzipezamo. Amayi amene mumakonda mafilimu a ku Nigeria, a apongozi ankhanza ndi amuna a mitala, musandiuze kuti mumawakonda chifukwa cha zovala zokha. Mumaonamo apongozi anu, ndipo ena ali pompano, sindiloza chala. Nawonso mwana wa zaka 10, amene kusukulu amamenyedwa ndi anyamata akuluakulu ndipo kunyumba aliyense amangomutuma, akaona kamunthu kakang'ono kakugwetsa zimphona khumi, mtima wake umati ameneyo ndine. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndinatuluka mu Neria ndikudziwa kuti amene anamwalira uja wadzuka n'kupita kwawo kukadya nsima, pamene mwana satha kulekanitsa sewero ndi zoona ngati palibe wamkulu womuuza. N'chifukwa chake ndikuti musamusiye mwana kuonera yekha filimu imene inu simukuidziwa.

Filimu ina imene ndimaikonda ndi yathu yomwe, ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, yotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, imene inatuluka mu 2019. Mnyamatayu anasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002, njala imene akuluakulu pano simufuna kuikumbuka, ndipo powerenga mabuku a mulaibulale anapanga makina amphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito zitsulo za njinga, mitengo ya bulugama ndi zinthu zotola kudzala. Filimuyi anaijambulira ku Kasungu komweko, muli gule wamkulu, muli mizere ya anthu olimbirana chimanga, ndipo Chiwetel Ejiofor, amene anaitsogolera n'kusewera ngati bambo wa mnyamatayo, anachita kuphunzira Chichewa. Tinaseka ndithu katchulidwe kake, koma pofika pamene banja layamba kudya kamodzi patsiku, palibe anasekanso. Komabe taonani, ngakhale filimu ya nkhani yoona imakongoletsa. Mufilimu makina aja amapopa madzi n'kupulumutsa mbewu nthawi yomweyo, pamene makina oyamba a Kamkwamba anayatsa mababu a m'nyumba mwawo, ndipo zopopa madzi zinabwera pambuyo pake. Ngati nkhani yoona imasinthidwa chotero kuti ikome, nanji nkhani ya munthu wouluka pamitengo.

Ojambula mafilimu a nkhonya amamanga wosewerayo ndi zingwe zimene amazifufuta pambuyo pake, pansi amayala matiresi, ndipo malo oopsa kwambiri amadumpha ndi munthu wina wophunzitsidwa ntchito yomweyo, atavala zofanana ndi mwini filimu. Phokoso la chibakera amaliika pambuyo, magazi aja ndi utoto, ndipo kudumpha kumodzi amakujambula kambirimbiri n'kusankhapo kamene kakoma. Ngakhale zili choncho ngozi zimachitika. Jackie Chan, amene ana anu amamudziwa kuposa mmene amadziwira dzina la mfumu yawo, anaphunzitsidwa masewera amenewa kuyambira ali wamng'ono, koma pojambula filimu ya Armour of God ku Yugoslavia m'zaka za m'ma 1980 anadumphira pamtengo, nthambi inathyoka, anagwa n'kumenyetsa mutu pamwala mpaka chigaza chinasweka, ndipo anachita kumupanga opaleshoni. Ameneyo ndi katswiri amene anali ndi anthu omuthamangitsira kuchipatala. Wathuyu anali ndi anzake anayi ndi njinga yobwereka.

Apa mayi wina wachikulire anaimirira n'kunena kuti: "Aphunzitsi, zonsezo tamva, koma bwanji mafumu asangotseka mavidiyo onsewo kuti tipume?"

Mwafunsa bwino mayi, khalani pansi ndikuyankheni, chifukwa funso limeneli ndalimva kwa anthu ambiri sabata ino. Titati titseke lero nyumba ziwiri zija za kumsika, kodi mafilimu atha m'mudzi muno? Kwezani manja amene muli ndi foni yoonetsa zithunzi m'nyumba mwanu. Mwaona manjawo. Mafilimu amene kale ankafuna jenereta ndi chinsalu chotchinga pakhomo, lero akulowa mukakhadi kakang'ono ngati chikhadabo, ndipo mwana akabwereka foni ya mkulu wake amakaonera kuseri kwa khola kumene palibe angamuone. Ku vidiyo kuli bwinoko pang'ono chifukwa khomo lake tikulidziwa ndipo tingathe kulowamo. Chinanso, anyamata amene amaonetsa mavidiyowo si alendo, ndi ana athu omwe amene akufuna ndalama ya sopo, ndipo mwana wako sumuthamangitsa m'mudzi usanakhale naye pansi. Ine bambo anga anandiletsa kupita ku dansi ya usiku popanda kundiuza chifukwa chake, ndipo ndikuulula lero pamaso pa a Gulupu kuti zenera la gowelo lathu linkadziwa zambiri. Dziko lino lili ndi lamulo loyang'anira mafilimu ndi zisangalalo kuyambira 1968, koma akuluakulu a boma sangakhale pakhomo la vidiyo iliyonse tsiku ndi tsiku. Amene tili pafupi ndife. Chimene ndikupempha mafumu si kutseka, koma kuitana eni mavidiyo n'kupangana nawo kuti mwana asalowe nthawi ya sukulu ngakhale atavula yunifolomu, kuti dzuwa likalowa ana onse atuluke, ndiponso kuti mafilimu a zolaula ndi okhetsa magazi asaonetsedwe pamene pali ana. Musaiwalenso anyamata omasulira mafilimu m'Chichewa aja. Ena ndi aluso ndipo amatiseketsa, koma ena amathiramo zotukwana zimene mwini filimu sananene n'komwe, ndipo mawu amenewo ndi amene mumawamva m'kamwa mwa ana anu kumjigo n'kumadabwa kuti awatenga kuti. Ndiye mayi, khomo tisatseke, koma musamusiye mdzukulu wanu kuonera yekha filimu imene inu simukuidziwa.

Abambo muli kumbuyo uko musaganize kuti nkhaniyi ndi ya amayi okha. Ndinu amene mumapatsa mwana ndalama kuti achoke pamene mukusewera bawo, osafunsa kumene akupita nayo. Ndinalowa dala ku vidiyo Lachinayi m'mawa, nthawi ya masamu, ndipo mumdima muja, kukutentha ngati mu uvuni wa njerwa, ndinawerenga ana asanu ndi awiri, mabuku atawakhalira pabenchi. Mmodzi atandizindikira anabisa nkhope m'malaya. Makolo ake ali pano ndipo akukhulupirira kuti tsikulo mwana anali m'kalasi.

Ndikuona dzuwa lakwera ndipo ena mwayamba kuyang'ana njira, choncho zotsalazi ndinena mofulumira. Mwana akapempha ndalama ya vidiyo mufunseni dzina la filimu ndi amene akupita naye. Akabwerako muuzeni akusimbireni nkhani yonse pamene mukudya, ndipo mumufunse kuti ndani amene wamukonda ndiponso chifukwa chake, chifukwa poyankha pamenepo mudzamva zimene zikumusautsa. Kamodzi pamwezi pitani naye nokha mukakhale pabenchi yomweyo. Muuzeni za zingwe, matiresi ndi utoto. Foni isagone kuchipinda kwa ana. Muzimusimbiranso filimu imene inu mumaikonda, monga ndachitira ine lero. Aphunzitsi aakulu avomera kuti mwana akajomba masiku awiri otsatizana azitumiza uthenga kunyumba. A Gulupu akuti eni mavidiyo afike kubwalo lawo Lolemba m'mawa, ndipo makolo amene mungathe mukhalepo. Amene mukufuna kuthandiza banja la mwana wovulalayu pa ndalama ya ulendo wokachotsa chikhakha, mbale ili patebulo la alembi apo. Zikomo a Gulupu, ndabweza mawu kwa inu.