Mtengo wa kiriyosoti usalowe pamoto wowambira nsomba

A gulupu, mafumu athu, a shehe, abusa, a komiti ya padoko, amayi ndi abambo, zikomo pondipatsa mpata. Amene muli kumbuyoko senderani kuno kumthunzi, mphepo ya kunyanja ikundilanda mawu.

Nonse mukuwadziwa mapolo a magetsi akuda aja. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likafika paliwombo kuno ku Mangochi, polo imachita thukuta la mafuta akuda, onata, onunkha ngati tala wa pamsewu. Mwana akatsamirapo, malaya ake athera pomwepo. Mafuta amenewo dzina lake ndi kiriyosoti. Amachokera ku malasha a pansi, osati makala athu a nkhuni ayi. Akawotcha malasha kufakitale pamatsala phula, ndiye phulalo amalitcheza n'kupeza mafutawa, ndipo mkati mwake muli mankhwala mazanamazana osakanikirana.

Sindinabwere kudzanyoza kiriyosoti. Ntchito yake amaigwira. Bulugamu wosathira mankhwala mukamuzika pansi, chiswe ndi chinyezi zimamutha pa zaka zochepa, koma wothiridwa bwino amatha kuima zaka 30 ngakhale kuposerapo. Mu 1838 munthu wina wa ku England, John Bethell, ndiye anapeza njira yotsekera mitengo mu thanki yachitsulo n'kukankhiramo mafutawa mwamphamvu mpaka alowe mkati. N'chifukwa chake amagwiritsidwa ntchito pa mapolo a magetsi, matabwa a pansi pa njanji ndi mitengo ya mipanda ikuluikulu. Kumeneko ndiye kwawo.

Vuto limayamba mtengo uja ukatha ntchito n'kufika pakhomo. Nkhuni zikusowa, tonse tikudziwa, ndipo chidutswa cha polo chimayaka msanga osavuta kukoleza. Mayi wagula milamba ndi kampango m'mamawa padoko, akuopa kuti zivunda, wayala pa waya, pansi wasonkhezera chidutswa chija. Utsi wake ndi wakuda bii, wolemera, ndipo mafuta a nsomba amaukoka. Nsomba ituluka yowala, yooneka bwino, ogula ku Limbe kapena ku Lilongwe sangadziwe kanthu. Koma poizoni amene anathiridwa kuti aphe chiswe uja tsopano wakhala pa ndiwo. Ndipo woyamba kumulandira ndi mwini wake wowambayo, amene waweramira utsiwo tsiku lonse ali ndi mwana kumbuyo.

Bambo uko akuti, nanga ife tadya kale bwanji sitinafe? Funso labwino, bambo. Mankhwalawa akalowa pang'onopang'ono sagwetsa munthu lero. Bungwe la IARC, lomwe ndi nthambi yofufuza za khansa ya WHO, bungwe loona za umoyo padziko lonse, linaika kiriyosoti m'gulu la 2A, kutanthauza zinthu zimene zikuoneka kuti zimayambitsa khansa mwa anthu. Kwa anthu amene agwira ntchito ndi mafutawa zaka zambiri, yomwe imatchulidwa kwambiri ndi khansa ya pakhungu. Mundikhululukire akuluakulu, kuphatikizapo khungu la kumaliseche kwa abambo, chifukwa buluku lonyowa mafuta limavalidwa lomwelo mawa ndi mkuja. Mayiko a ku Ulaya anasiya kugulitsa kiriyosoti kwa anthu wamba mu 2003, anangosiyira akatswiri okha.

Zina sizidikira zaka. Mafutawa akakhudza khungu limafiira n'kumawotcha, ndipo mukapita padzuwa zimanyanya, mpaka matuza. Apa ndiganizire abale athu achialubino: asagwire n'komwe ntchito yopaka mankhwalawa. Fungo lake limapweteketsa mutu, maso amalira misozi, kukhosi kumakanda.

Akakudontherani, sambani ndi sopo ndi madzi ambiri, vulani chovalacho, khalani pamthunzi. Musapukute ndi parafini kapena petulo monga amachitira ena, mukungowonjezera kupsa. Akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyera kwa mphindi 15, kenako kuchipatala. Mwana akamwa, musamusanzitse, musamumwetse mkaka kapena mafuta ophikira. Thamangani naye kuchipatala mutanyamula chigubu chomwe munali mankhwalawo kuti adokotala aone. Ndipo chonde, zosunga mankhwala m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi zija zithe.

Tsono nyanja. Kiriyosoti ndi poizoni kwa nsomba, makamaka mazira ndi tiana take. Wopaka boti pamchenga, kapena wotsukira chitini ndi bulashi m'madzi, akuthira poizoni m'malo osaya momwe tiana ta chambo timakulira, pomwenso amayi amatunga ndi kuchapa. Chambo chachepa kale ku Malombe ndi mu Shire muno, tisachionjezere mavuto. Thandala loyanikapo usipa, nkhokwe, chomwera mbuzi, mpando wa ana, chivundikiro cha chitsime, zonsezi zisaone mtengo wa kiriyosoti. Mbuzi zimanyambita ndi kutafuna mitengo ya khola, mukudziwa inu.

Pali mapolo ena obiriwirako, osanunkha. Amenewo musawayese abwino pamoto. Ambiri mwa iwo amathiridwa mankhwala ena okhala ndi poizoni wotchedwa aseniki, ndipo phulusa lake lenilenilo ndi poizoni. Lisapite kudimba, lisapite kopangira chidulo.

Amene mukufunadi kuteteza nsanamira za mpanda, gulani zothira kale kwa ogulitsa odziwika, muzinyamule mutavala magolovesi ndi malaya a manja aatali, ndipo podula muchitire panja mutatseka pakamwa ndi mphuno. Utuchi wake musakolezere mbaula. Polo ya magetsi ikagwa, musaiyandikire n'komwe chifukwa mawaya angakhale ndi moto. Uzani a mfumu, a mfumu adziwitse a ESCOM, eni ake adzachotse.

A komiti ya padoko, ndikupempha kuti pa msonkhano wanu wotsatira muyendere ng'anjo zowambira nsomba zija, muone nkhuni zimene zaunjikidwa pambali. Mayi mwakweza dzanja kalekale, funsani.