Gawo 14: Kuzizira kwa -24 ndi galimoto yamagetsi kuno ku Norway

Moni nonse abale ndi alongo, mwaswera bwanji kulikonse komwe muli, a ku Lilongwe, a ku Blantyre, a ku Chipata, anzathu a ku Joni ndi Cape Town, ndi inu a ku UK amene mumandimvera muli pa shifiti yausiku. Ndine mlongo wanu uja wa ku Trondheim, ndikujambula ndili kukhitchini ndi kapu ya tiyi, panja mdima wagwa kale ngakhale wotchi ikuti 3 koloko masana.

Nkhani yalero yachokera kwa achimwene anga aakulu a ku Dedza. Anaona chithunzi cha galimoto yanga itakwiririka ndi sinoo, waya wa chaja akuoneka akutuluka pambali, ndiye ananditumizira voice note yaitali kuti achemwali, foni yanga ikangozizidwa m'mawa wa Julaye batire imagwa msanga, nanga galimoto yonseyo ya batire kuzizira kwanuko imadzuka bwanji? Funso labwino kwambiri achimwene, ndipo ineyo ndinali nalo funso lomweli chaka changa choyamba.

Ndiyambe ndi chifukwa chomwe ndimayendetsera galimoto yamagetsi, anthu ena amaganiza kuti ndi za apamwamba. Kuno ayi. M'chaka cha 2024, mwa magalimoto atsopano omwe anagulitsidwa ku Norway pafupifupi 89 peresenti anali amagetsi okhaokha, ndiye mukaima pamsewu muona Tesla, Volkswagen, Volvo, Kia, manambala ake oyamba ndi EL, EK, EV, EB, zonse zikudutsa mwakachetechete. Boma linachotsa misonkho yambiri pa magalimotowa kwa zaka zambiri, pama toll gate ndi pa feri amalipira zochepa, ndipo magetsi ambiri kuno amachokera ku madzi, monga momwe ife timadalirira Nkula ndi Tedzani ndi Kapichira pa Shire paja, kungoti kuno madamu ndi mazanamazana. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, kuwapatsa mankhwala, kuwatsuka zilonda, ndipo magalimoto a kuntchito onse ndi amagetsi. Ndinaphunzirira pomwepo, kenako ndinagula yanga yogwiritsidwapo kale ntchito.

Tsopano mvetserani zomwe zinandichitikira. Unali mwezi wa Febuluwale, ndinatenga mwana wanga wamkazi kupita ku Røros, katauni kakale ka migodi ya kopa, makilomita pafupifupi 150 kuchokera kuno, ukadutsa Støren umayamba kukwera mapiri. Kumeneko kumakhala msika waukulu chaka chilichonse, anthu ena amabwera pa ngolo zokokedwa ndi mahatchi, akuvala zikopa za nyama, ndiye ndinkafuna mwanayu akaone. Røros imadziwika ndi kuzizira, m'chaka cha 1914 kuzizira kunadutsa madigiri -50, ife tinapeza kuli bwinoko koma usiku umenewo kunatsika mpaka -24. Tinafika madzulo batire ili pa 19 peresenti, ndinatopa, mwana ali ndi njala, ndinangoti ndidzatchaja mawa m'mawa pa fast charger, mphindi 30 basi tinyamuke. Ndinaiimika panja pa nyumba yomwe tinagona osailumikiza kulikonse.

M'mawa galimoto inadzuka bwinobwino, apa ndikufuna mumve achimwene, inadzuka nthawi yomweyo popanda kutsokomola kapena kukankha. Koma peresenti ija inali itatsika, ndipo pa skirini panatuluka kachizindikiro kakuti batire yazizira. Ndinapita pa chaja, ndinavula magulovu kuti nditsegule kachitseko kotchajira koma kanali katagwidwa ndi ayisi, ndinachita kukamenya pang'onopang'ono ndi chibakera mpaka kanatseguka. Waya wa chaja uja anali atauma gwaa ngati nthambi, wosapindika, zala zanga zinayamba kuwawa ngati ndagwira moto. Nditalumikiza ndinayang'ana nambala. Chaja yolembedwa 150 kW, muyeso wa mphamvu ya moto womwe ingapereke, inkandipatsa 11. Ndinadikira ndikuganiza kuti ikwera, inakhala pomwepo nthawi yaitali, kenako 14, kenako 20. Mwana wanga ali kumbuyo wafunda bulangeti, nthunzi ikutuluka m'kamwa, akundifunsa kuti amama tinyamuka liti. Tinakhala pamenepo ola limodzi ndi theka ndipo mtima unandiwawa kwambiri chifukwa ndinadziwa kuti mwanayu akuzizidwa kaamba ka chinthu chomwe ndikanachipewa.

Bambo wina wachikulire amene ankatchaja pambali pathu ndi amene anandimasulira. Anandifunsa ngati galimoto inagona panja osailumikiza, nditavomera anangogwedeza mutu n'kundiuza kuti ndikanatchaja dzulo lomwelo nditangofika, batire ikadali yofunda ndi ulendo, zikanatenga mphindi zochepa. Chaja inalibe vuto, galimoto inalibe vuto, ndi batire yomwe inkakana kulandira moto wambiri ili yozizira.

Ndikufotokozereni momwe ndinadzazimvetsera pambuyo pake. M'kati mwa batire ya lithium, kaya ya foni kaya ya galimoto, muli timadzi tinatake, ndipo tinthu ting'onoting'ono ta lithium timasambira m'timadzimo kuchoka mbali ina kupita mbali ina, ukamatchaja timapita uku, ukamayendetsa timabwerera. Kukazizira timadzi tija timalemera ngati uchi m'mawa wa chiperoni, tinthu tija timayenda movutikira. Ndiye ukakakamiza moto wambiri batire ili pansi pa ziro, lithium uja m'malo molowa m'malo mwake amaunjikana pamwamba ngati chitsulo, ndipo zimenezo zimawononga batire mpaka kalekale. Chifukwa chake kompyuta ya galimoto imachepetsa dala liwiro lotchajira mpaka batire itafunda. Ija 11 ija inali galimoto ikudziteteza.

Ndiye pali nkhani ya mtunda. Galimoto yanga nthawi yotentha imayenda makilomita ngati 300 ikadzadza, koma Januwale ndimawerengera 200, kukazizira kwambiri ndimachotsanso. Si yanga yokha. Kuno bungwe la oyendetsa magalimoto la NAF pamodzi ndi magazini ya Motor amatenga magalimoto amagetsi atsopano ambirimbiri nthawi yachisanu, amanyamuka ku Oslo kulowera kumpoto kumapiri n'kuwayendetsa mpaka iliyonse itaima yokha, ndipo ambiri amapezeka kuti ataya pakati pa 10 ndi 30 peresenti ya mtunda womwe kampani inalemba. Anthu kuno amadikira zotsatira zimenezo asanagule galimoto.

Chomwe chimachepetsa mtunda kwambiri kukazizira ndi hita. Galimoto ya petulo injini yake imatentha yokha, mafuta ambiri omwe mumathira amathera mu kutenthako, ndiye nthawi yozizira kutentha kumeneko amangokulowetsa m'kati ndipo simulipira kanthu kena. Yamagetsi injini yake sitentha choncho, kufunda kulikonse komwe mukumva kwachokera mu batire momwemo. Hita ikamayamba kutenthetsa galimoto yozizira imatha kukoka 5 kapena 6 kW, kuposa maketulo awiri akuwira nthawi imodzi. Magalimoto ambiri atsopano ali ndi heat pump, imagwira ntchito ngati filiji yotembenuzidwa, imakoka kutentha kwa mpweya wa panja n'kukulowetsa m'kati, imeneyo imapulumutsa moto ndithu ngakhale kukafika -20 mphamvu yake imachepa. Onjezani matayala a chisanu omwe ndi olemera kuzungulira, sinoo wa pamsewu, mpweya wozizira womwe ndi wolemera kuudula, mtunda umangotha ukuona.

Kuntchito kwathu ndi kumene izi zimaoneka bwino. Pa shifiti imodzi ndimatha kulowa m'nyumba 15, galimoto ndimaiimika mphindi 20, ndikatuluka yazizira kale, hita iyambirenso, kenako makilomita awiri ndaimanso. Maulendo afupiafupi otere ndi amene amamaliza batire kuposa ulendo umodzi wautali. Mnzanga wa ku Eritrea amene ndinamupeza pantchitoyi ndi amene anandiphunzitsa kuti ndiziyatsa hita ya mpando ndi ya chiwongolero, zimenezo zimadya moto pang'ono kwambiri, hita yaikulu ndizingoisiya pa 18 kuti magalasi asachite nthunzi. Jekete osavula. Kuyambira pamenepo ndimabweza galimoto ili ndi moto wokwanira mnzanga wa shifiti yamadzulo, chifukwa kumusiyira munthu galimoto yopanda moto pomwe agogo ena akudikira insulin yawo si chinthu chabwino.

Zomwe ndimachita masiku ano ndi izi. Usiku uliwonse galimoto imagona italumikizidwa, ngakhale ili pa 60 peresenti. Pa foni ndinaika nthawi yonyamukira, ndiye theka la ola ndisanatuluke imayamba yokha kutenthetsa m'kati ndi batire yomwe, pogwiritsa ntchito magetsi a pakhoma osati ake. Ndikatuluka m'nyumba ayisi wa pagalasi wasungunuka, mpando ndi wofunda, aneba anga a galimoto ya dizilo ali kalikiliki kupala galasi ndi kapulasitiki. Ndipo kulumikiza galimoto kukhoma nthawi yachisanu si zachilendo kuno, kuyambira kale magalimoto a dizilo ndi petulo anali ndi kahita ka injini komwe amakalumikiza usiku, chifukwa nawonso kuzizira kumawavuta, dizilo amalimba, oyilo amalemera. Ndikakhala pa ulendo wautali ndimalemba chaja yomwe ndikupitayo pa mapu a m'galimoto, magalimoto ambiri atsopano akadziwa kuti ukupita kokatchaja amayamba kufunditsa batire uli m'njira, ukafika imalandira moto mwachangu. Ukangofika osaiuza, ukhalitsa. Ndipo ndikafika komwe ndikupita ndimatchaja kaye ndisanagone, phunziro la ku Røros limenelo.

Mwina ena munaona pa Facebook zija za ku Chicago mu Januwale 2024, magalimoto amagetsi ataunjikana pa ma chaja kuzizira kutafika poipa, ena kuchita kukokedwa. Anthu anazigawana kwambiri n'kumati mwaona, zinthuzi sizigwira kozizira. Ine nditaona ndinakumbukira m'mawa uja, anthu ambiri a ku Chicago aja amakhala m'mafulati opanda potchajira usiku, anafika pa chaja batire ili yozizira komanso yotsala pang'ono, aliyense akutenga nthawi yaitali, mzere ukukula, odikira akuyatsa hita moto ukutha. Mwezi womwewo kuno ku Norway kunazizira koopsa, kunja kwa Oslo kunatsika kudutsa -30, koma anthu anapitabe kuntchito ndi magalimoto omwewa. Kusiyana kwake ndi potchajira pakhomo ndi kuzolowera. Ndiye ngati muli ku Canada kapena ku Scotland mukuganiza zogula, funso loyamba musanayang'ane mtengo ndi lakuti kodi usiku izigona pati, pali soketi?

Pali tinthu tiwiri tomwe anthu satchula. Koyamba, kabatire kakang'ono ka 12 volt, kofanana ndi ka galimoto ina iliyonse, magalimoto amagetsi nawonso ali nako ndipo ndi kamene kamadzutsa kompyuta ndi kutsegula zitseko. Kakafooka ndi chisanu galimoto sidzuka ngakhale batire yaikulu ili pa 90, ndiye ndimayenda ndi kajampa kakang'ono m'chikwama. Kachiwiri ndi mabuleki. Galimoto yamagetsi ukachotsa phazi imadzichepetsa yokha liwiro n'kumabweza moto mu batire, umazolowera mpaka buleki sumaigwiranso kwenikweni. Koma batire ikazizira singalandire moto umenewo, ndiye m'mawa ukachotsa phazi galimoto imangopitirira, pamsewu wa ayisi potsetsereka zimadzidzimutsa. Mphindi zoyamba ndimayenda pang'onopang'ono phazi lili pafupi ndi buleki.

Amayi anga nkhawa yawo inali ina, anandifunsa kuti mwana wanga, nanga msewu ukatsekeka ndi sinoo uli pakati pa phiri suzizidwa mpaka kufa? Kuno zimachitikadi, misewu ya m'mapiri imatsekedwa, kapena mumadikira maola kuti muyende pa mzere kumbuyo kwa galimoto yochotsa sinoo. Ndinawauza kuti amayi, galimoto ikafunda kale hita imangofuna 1 kapena 2 kW kuti isunge kufundako, ndiye ndi batire ya theka ndikhoza kukhala usiku wonse, komanso palibe utsi woti ungandiphe ngati paipi yatsekeka ndi sinoo monga zimachitikira ndi ya petulo. Chachikulu ndi kusakwera phiri uli ndi moto wochepa. Kubuti kwanga nthawi yonse yachisanu kumakhala fosholo, bulangeti, zovala zaubweya, tochi, ndi botolo la tiyi wotentha ndikakhala pa ulendo.

Chaka chatha tinabwereranso ku Røros, ine ndi mwana yemwe uja. Tinaima pa Støren mphindi 15 kuonjezera moto, titafika ndinatchaja mpaka 80 tisanadye n'komwe, ndipo eni nyumba anandilola kulumikiza pa soketi ya panja usiku wonse. M'mawa kunali -21, mwana analowa m'galimoto n'kuvula chipewa. Achimwene, ndikhulupirira ndakuyankhani, ndipo foni yanuyo muziigoneka m'thumba la jekete m'malo mwa pawindo. Sabata yamawa tikamba za mdima wa Disembala ndi momwe ndimapiririra. Mugone bwino nonse.