Duwa lopinda manja usiku: kasamalidwe ka Calathea

Zikomo amayi ndi abambo. Amene muli kumbuyo sendererani kuno pang'ono, chifukwa zimene ndikufuna kukuonetsani zili pa tsamba, ndipo tsamba silioneka bwino uli patali.

Mumphika ndanyamulawu muli duwa lotchedwa Calathea. Tikungoti duwa mwachizolowezi, koma chimene anthu amalisungira ndi masamba ake. Taonani ili. Pamwamba pali mawanga obiriwira kwambiri, ondandalikana mbali zonse ziwiri za mtsempha wapakati ngati wina wachita kujambula. Ndilitembenuze. Mwaona? Kunsi kuli mawanga omwewo koma ofiirira. Mtundu uwu ndi Calathea makoyana, kwawo ndi ku Brazil. Uliponso wina wamizeremizere ngati mbidzi, dzina lake zebrina. Mukamafufuza pa intaneti mupezanso dzina loti Goeppertia. Musasokonezeke nalo. Mu 2012 akatswiri a zomera anasamutsira mitundu yambiri ya Calathea ku dzina limenelo, kungoti ogulitsa ambiri sanasiye dzina lakale.

Kwawoko duwali limamera pansi pa mitengo ikuluikulu m'nkhalango zamvula yambiri. Dzuwa limafika pansipo litasefedwa kale ndi nthambi, mpweya umakhala wachinyezi, dothi ndi la masamba owola, madzi ndi amvula. Mukasunga chithunzi chimenechi m'mutu, zonse zimene ndinene muzitha kuziganizira nokha.

Ine loyamba ndinalipha ndi chikondi. Ndinaliika pazenera pamene dzuwa lamasana limawomba, ndikuti duwa lokongola chonchi aliyense alione. Sipanapite nthawi mawanga anayamba kufwifwa, m'mphepete mwa masamba n'kuwauka ngati apsa ndi moto. Ine ndiye ndinati lili ndi njala, ndinathira feteleza. Ndinangolimaliza. Liikeni m'chipinda chowala, koma pamene dzuwa silimenya masamba mwachindunji. Ngati zenera lake ndi la dzuwa lamphamvu, katani yopyapyala ithandiza. Mdima weniweni nawonso ayi, masamba atsopano amatuluka ang'onoang'ono.

Tsopano nkhani ya madzi, pamene ambiri timagwera. Dothi lizikhala lonyowa koma losadikha. Musamathirire potsata masiku, kuti Lolemba lililonse basi. Pisani chala m'dothi mpaka mfundo yoyamba. Mukamva kuti pamwamba payamba kuuma, thirani mpaka madzi atuluke kunsi kwa mphika, kenako tayani amene atsalira m'kambale. Mphika wopanda zibowo kunsi musaugwiritse ntchito ngakhale ukongole bwanji. Mizu nayo imapuma, ikakhala m'madzi imawola. Ndipo chopusitsa n'chakuti duwa lowola mizu limafota chimodzimodzi ndi la ludzu, mwini wake n'kuwonjezeranso madzi. Choncho likafota yambani mwapisa chala. Masamba akadzikulunga ngati mphasa dothi lili gwaa, ndi ludzu. Akamasanduka achikasu kuyambira m'munsi dothi lili nyowenyowe, mwachulutsa.

Eee, mayi, funsani. Madzi apampopi? Funso labwino. Duwali silimvana ndi mchere wa m'madzi, komanso mankhwala monga klorini ndi fluoride. Zimaunjikana m'dothi pang'onopang'ono, nsonga za masamba n'kuyamba kuuma. Madzi amvula ndiye abwino koposa. Ngati muli ndi apampopi okha, tungani muwasiye usiku wonse osavundikira, klorini amachepako, koma fluoride sachoka choncho. Ndiye pakapita miyezi ingapo tsukuluzani dothi ndi madzi ambiri, mcherewo utuluke kunsi. Madzi ozizira kwambiri ayi, akhale a m'nyumba momwemo.

Dothi lake likhale lofewa: manyowa a masamba owola bwino, kusakaniza ndi mchenga waukuluukulu kapena timakungwa kuti madzi azidutsa. Feteleza wamadzi kamodzi pamwezi pa nyengo imene likukula, theka chabe la muyeso wolembedwa pabotolo. Kukazizira lekani.

Limakonda kutentha kwa pakati pa madigiri 18 ndi 27. Kukatsikira pansi pa 15 limayamba kuvutika, ndiye pakhomo pamene pamalowa mphepo kapena pafupi ndi fani musaliike. Mpweya wouma ndi mdani wake wamkulu. Ena amawaza madzi pamasamba, koma kunena zoona ine sindizidalira, chifukwa pakangopita mphindi zochepa auma. Bola kuunjika maluwa angapo pamodzi kuti azipatsana chinyezi, kapena kuika mphika pa thireyi ya timiyala tokhala ndi madzi, tsinde la mphika lisakhudze madziwo. Bafa yokhala ndi zenera ndi malo abwinonso.

Mpweya ukauma kumabwera tiakangaude tofiira, tating'ono zedi moti mungatiphonye. Muona timadontho toyera pamwamba pa tsamba, kunsi kuli tiulusi. Ndichifukwa chake ndimati mlungu uliwonse muzitembenuza masamba n'kuwapukuta ndi kansalu konyowa. Mukatipeza, patulani duwalo kwa anzake, tsukani masamba ndi madzi a sopo pang'ono, n'kubwereza pakatha mlungu, chifukwa mazira amatsalira.

Koma chimene chimandisangalatsa ine ndi ichi. Gwirani apa, pamene kaphesi kakumana ndi tsamba. Mwamva kamfundo kotupa? Kumeneko madzi amalowa mbali imodzi n'kutuluka mbali ina, tsamba n'kumayenda. Masana limayala masamba, kukada limawaimika ngati munthu wapinda manja. Mbale wake wotchedwa Maranta anthu amangomutcha duwa lopemphera pa chifukwa chomwechi, ndipo dzina loti Maranta linachokera kwa Bartolomeo Maranta, sing'anga wa ku Italy wa zaka za m'ma 1500. Usiku kukakhala zii nthawi zina mumamva masamba akukhudzana, tswaa. Tsiku loyamba ine ndinadzuka ndi tochi kufunafuna khoswe. Ndiye mukaona kuti lasiya kupinda usiku, dziwani kuti china chake chalakwika, yang'anani madzi ndi kuwala.

Abambo uko akufunsa zochulukitsa. Mukadula tsamba la Calathea n'kuliika m'madzi silimera. Timachita kugawa. Pakatha chaka kapena ziwiri, posintha mphika, zulani duwa lonse, gwedezani dothi, muona kuti lili ndi magulu. Patulani ndi manja mofatsa, gulu lililonse likhale ndi mizu yake ndi masamba atatu kapena anayi. Milungu yoyamba lioneka lokhumudwa, musalithire feteleza. Za mphaka ndi galu musade nkhawa, duwali lilibe poizoni.

Nsonga zouma zija sizibwereranso. Dulani ndi sizasi yoyera motsata maonekedwe a tsamba, kenako muziyang'ana tsamba latsopano, lija limatuluka litakulungika. Likatambasuka bwinobwino lopanda banga, ndiye kuti mwakonza. Tsopano bwerani awiriawiri, ndazula kale limodzi pathebulo apa, aliyense ayese kupatula mizu ndi manja ake.